Omeprazole ndi Ululu wa M'mafupa

Omeprazole ndi mankhwala a chilungulira ndi zilonda za m'mimba, ndipo amagwira ntchito pochepetsa asidi m'chifu. Kwa anthu ochepa, mankhwalawa amabweretsa ululu m'maondo, m'zigongono ndi malo ena olumikizirana mafupa. Akamwedwa kupitirira chaka amathanso kufooketsa mafupa, makamaka a okalamba. Mu 2010 bungwe la FDA ku America linachenjeza kuti mankhwala a mtunduwu angachititse kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno, a pamkono ndi a msana.

Ululu ukayamba, ambiri amathamangira Brufen, komatu ameneyu amakolezera chilungulira. Kusiya omeprazole mwadzidzidzi nakonso kumachulukitsa asidi. Choncho wodwala, mwachitsanzo wa pa Rumphi Boma, atenge mapiritsi ake, apite nawo kuchipatala chachikulu cha Rumphi akamupime.