Raketi ya Badminton Yoyambira: Mmene Mungasankhire Popanda Kuwononga Thumba

Ku Makeni, mu Lusaka, malo alipo. Mabwalo a nyumba zambiri ndi otakasuka, ndipo kumanga chingwe pakati pa mtengo wa mango ndi mpanda n'kokwanira kuti banja lonse liyambe kumenyerana shuttle Loweruka madzulo. Chimene chimazimitsa masewerawa msanga nthawi zambiri ndi raketi. Imapindika sabata yachiwiri, zingwe zimaduka, kapena imalemera moti mwana amadandaula mkono. Pamenepo makolo amangoti badminton ndi masewera a anthu andalama. Si choncho ayi. Raketi yoyenera munthu woyamba ndi yopepuka, yofewa khosi, ya zingwe zosakungika kwambiri, ndipo yotereyi siifuna ndalama zochuluka. Chofunika n'kudziwa zoyang'ana musanatulutse ndalama.

Muzisewera kuti, ndipo kangati?

Yankho la funso ili ndi limene likuuzeni mtundu wa raketi. Maraketi otsika mtengo kwambiri, aja amabwera awiriawiri m'kachikwama kamodzi, amakhala a chitsulo kapena aluminiyamu. Mudzawadziwa poona pamene mutu wakumana ndi khosi: pamakhala kachidutswa kooneka ngati chilembo T kolumikiza ziwirizo. Ngati mukufuna zoti ana azitaya nazo nthawi pa holide, a aluminiyamu ndi abwino. A chitsulo asiyeni, chifukwa amalemera ndipo akapindika sawongokanso bwino.

Ngati mukufuna kusewera sabata ndi sabata, muholo ya sukulu kapena ya tchalitchi, onjezerani pang'ono mugule ya graphite. Iyi imaoneka ngati yaumbidwa kamodzi kuchokera kumutu mpaka kuchogwirira, imapepuka, ndipo zingwe zake zikaduka mutha kuikitsa zina. Makampani odziwika monga Yonex, Li-Ning, Victor ndi Apacs onse ali ndi maraketi a graphite a oyamba kumene, osiyana kutali mtengo ndi aja amagwira akatswiri.

Werengani zolembedwa pakhosi

Pafupi ndi chogwirira pamalembedwa timanambala timene ogula ambiri satiyang'ana. Chilembo U chimanena za kulemera kwa raketi isanaikidwe zingwe. 2U ndi magalamu 90 mpaka 94, 3U ndi 85 mpaka 89, 4U ndi 80 mpaka 84, ndipo 5U ndi 75 mpaka 79. Nambala ikamakwera, raketi imapepuka. Kwa munthu wamkulu amene akuyamba, 4U ndiyo yabwino. Wa mkono wamphamvu atha kutenga 3U. Magalamu 5 amaoneka ochepa, koma mukakweza mkono kambirimbiri kwa ola lathunthu, phewa limadziwa kusiyana kwake.

Chilembo G chimanena kukula kwa chogwirira. Pa maraketi a Yonex, G5 ndi chocheperapo kuposa G4. Mukakayika, tengani chaching'ono, chifukwa chogwirira chaching'ono mutha kuchikulitsa pokulungapo tepi ina, pamene chachikulu simungachichepetse mosavuta. Mukachigwira, pakati pa nsonga za zala ndi chikhatho pazitsala mpata wolowa chala chimodzi.

Raketi ya wamkulu imatalika pafupifupi masentimita 67 kapena 68. Kwa mwana wamng'ono imeneyi imakwekwereza pansi ndipo imamuphunzitsa kumenya molakwika. Funsani yaifupi ya ana, ya masentimita pafupifupi 53.

Iyeseni m'manja ngati khasu

Munthu wodziwa kulima sagula khasu poliyang'ana chabe. Amalinyamula kuti amve kumene kulemera kwagona. Chitani chimodzimodzi. Gonekani khosi la raketi pa chala chimodzi, musunthe mpaka ikhazikike osagwera mbali iliyonse. Ikakhazikika pafupifupi masentimita 29 kuchokera kumapeto kwa chogwirira, ndiye kuti kulemera kwake kuli pakati, ndipo imeneyo ndi yoyenera woyamba. Yolemera kumutu imamenya mwamphamvu koma imachedwa kutembenuka ndipo imatopetsa. Yopepuka kumutu imathamanga m'manja, ndipo imathandiza posewera awiriawiri. Pa maraketi a Yonex, a mtundu wa Astrox amalemera kumutu, a Nanoflare amapepuka kumutu, pomwe a Arcsaber ali pakati.

Kenako gwirani mutu ndi dzanja limodzi, chogwirira ndi linalo, muipinde pang'ono pokha. Khosi lofewa limagonja n'kubwerera, ndipo kubwerera kumeneko n'kumene kumathandiza kuponya shuttle kutali ngakhale mkono usanaphunzire kukwapula. Khosi louma limafuna munthu wothamanga dzanja. Kwa woyamba limangofupikitsa shuttle ndi kupweteketsa chigongono.

Zingwe zisakungike kwambiri

Ambiri amaganiza kuti zingwe zolimba ngati ng'oma yowambidwa pamoto ndizo zamphamvu. Kwa woyamba zimachita zosiyana. Zingwe zikakungika kwambiri, malo abwino omenyera pakati pa mutu amachepa, ndipo mukaphonya pang'ono shuttle siipita patali komanso zingwe zimaduka msanga. Mapaundi 18 mpaka 22 ndi okwanira. Zingwe zimene raketi imabwera nazo kuchokera kufakitale nthawi zambiri zimakhala pafupi ndi pamenepo, choncho musafulumire kuzidula. Zikadzaduka, uzani woika zingwe nambala imene mukufuna, ndipo asapitirire malire olembedwa pa raketiyo.

Kogula, ndi zoyenera kusamala

Mu Lusaka raketi mutha kuipeza m'masitolo a zamasewera a m'mamolo, m'mashopu a ku Kamwala, ngakhalenso pa salaula nthawi zina. Kulikonse kumene mwapita, kumbukirani kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Maraketi onamizira mayina otchuka ndi ambiri padziko lonse. Mukaona raketi ya dzina la akatswiri ikugulitsidwa pamtengo wofanana ndi wa zoseweretsa ana, dziwani kuti dzinalo langomatidwapo. Yang'anani zilembo ngati zili zoongoka, penti ngati sakusupuka ndi chikhadabo, komanso kachivindikiro ka kumapeto kwa chogwirira ngati sikakugwedera. Kuli bwino kugula raketi yeniyeni ya dzina losatchuka kusiyana ndi yonamizira ya dzina lalikulu, chifukwa yonamizirayo imatha kuthyoka pongoika zingwe.

Yogwiritsidwapo kale ntchito ikhoza kukhala mwayi. Iyang'aneni padzuwa, mukuitembenuza pang'onopang'ono. Penti wokalika si vuto, koma kamng'alu kalikonse pamutu, ngakhale kochepa ngati tsitsi, n'chizindikiro choti raketiyo yatha. Onaninso timapulasitiki ta m'mabowo modutsa zingwe. Tikasowa kapena kung'ambika, chimango chimadula zingwe. Igonekeni patebulo losalala kuti muone ngati mutu sunapotoke.

Siyaniko ndalama ya shuttle

Musathere ndalama yonse pa raketi, chifukwa chimene chimatha msanga ndi shuttle. Ya nthenga, imene imakhala ndi nthenga 16, imauluka bwino koma m'manja mwa oyamba imatha kuthothoka masewera amodzi asanathe. Ya nayiloni imapirira masiku ambiri.

Pano pali chinthu chokhudza mzinda wathu. Lusaka ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,280 pamwamba pa nyanja, ndipo mpweya wa pamtunda ndi wopepuka, makamaka kukatentha. Shuttle imathamanga ndi kupita patali kuposa mmene ingachitire kugombe la nyanja. Pa ma shuttle a nayiloni a Yonex Mavis, kamzere kobiriwira kamasonyeza yoyenda pang'onopang'ono, kabuluu yapakatikati, kofiira yothamanga. Kuno sankhani yobiriwira, ndipo mudzaona kuti shuttle yasiya kumangotuluka kunja kwa bwalo.

Osewera panja adziwe kuti mphepo ya mu Ogasiti ndi Seputembala imanyamula shuttle ngati tsamba louma, pakuti imalemera magalamu 5 okha. Sankhani mbali yotchingidwa ndi nyumba kapena mpanda, musewere madzulo mphepo ikadekha. Chingwe kapena neti imangidwe pa mita 1.55 kuchokera pansi, monga pabwalo lenileni, kuti ana azolowere msinkhu woyenera.

Kuisamala kuti ikhalitse

Musasiye raketi m'galimoto yotsekedwa padzuwa la Okutobala; kutentha kumafooketsa zingwe ndi kuwononga chimango. Musatolere shuttle pokanda raketi pa simenti. Chingwe chimodzi chikaduka pa raketi ya graphite, dulani zonse tsiku lomwelo, chifukwa zotsalazo zimakokera mutu mbali imodzi. Tepi ya pachogwirira ikayamba kuterera ndi thukuta, isintheni. Ndi yotsika mtengo, ndipo imateteza raketi kuti isapulumuke m'manja n'kuvulaza mnzanu.

Musanagule, gwiraniko raketi ya munthu amene akusewera kale, pakuti safunsa anadya phula. Ku Olympic Youth Development Centre, malo amene anatsegulidwa mu 2010 m'mbali mwa msewu wa Great North, badminton imaseweredwa muholo, ndipo osewera a kumeneko angakulozereni amene amaika zingwe bwino mumzinda muno. Zambia inatumiza Eli Mambwe ku masewera a Olympics a ku Beijing mu 2008, choncho njira yochokera pabwalo la pakhomo kukafika patali ilipo. Raketi yodula idzabwera mwana wanu akadzayamba kukuuzani yekha chimene yoyambayo ikumulepheretsa kuchita.