Kodi ku Baltimore Tipiteko Liti?

Ife olipidwa pa ola, tsiku lopuma limatidyera ndalama, choncho tizilisankha bwino. Mzinda wa doko wa Baltimore uli pafupi: sitima ya MARC yochokera ku Union Station imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo imayenda ngakhale Loweruka ndi Lamlungu. Nanga tipite liti? Mu July ndi August kumatentha koopsa, thukuta lokhalokha. Mu January mphepo ya kunyanja imalowa m'mafupa. Ife tikuti dikirani kumapeto kwa September kapena October. Kunja kumakhala bwino, ndipo ku Inner Harbor anthu amachepako poti sukulu zatsegulira. Nkhanu za ku Chesapeake nazo zimakhala zitanona, mtengo utatsikako. Koma jekete musaiwale, abale, madzulo kumazizira.