KATENGEDWE NDI KASUNGIDWE KA ZIWALO ZA NG'OMBE YAKUFA ZOKAPIMITSA

Mau oyamba

M'mafamu ozungulira Norton, makilomita pafupifupi 40 kumadzulo kwa Harare, ng'ombe zimafa m'dzinja ndi matenda a January disease, ofalitsidwa ndi nkhupakupa zofiirira za m'makutu. Zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda ena a nkhupakupa, choncho mlimi wongoganizira amataya ndalama pa mankhwala olakwika khola likutha. Chenicheni chimadziwika ziwalo zikapimidwa ku Central Veterinary Laboratory ku Harare.

Chenjezo

Ng'ombe yofa mwadzidzidzi, yotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumtumbo, isatumbulidwe. Atha kukhala matenda a anthrax, amene tizilombo take timakhala m'nthaka zaka zambiri. Pakati pa 1978 ndi 1980 anthu oposa 10,000 adadwala matendawa m'Zimbabwe. Mlangizi adziwitse dokotala wa ziweto msanga, ndipo nyamayo isadyedwe.

Katengedwe

1. Ntchitoyi ichitike ng'ombe itangofa, chifukwa m'nyengo yotentha ziwalo sizitega kuola.
2. Wotumbula avale magolovesi ndi majombo, ndipo mpeni ukhale woyera.
3. Adule tizidutswa ta chiwindi, kapamba, mapapo, impso ndi mwanabere. Kachidutswa kalikonse kasapitirire sentimita imodzi kuchindikala, ndipo katenge mbali yodwala pamodzi ndi yabwino.
4. Apake pang'ono magazi a kukhutu, ndi madzi a mwanabere wotupa, pa timagalasi tosiyana, n'kutiumitsa ndi mphepo.

Kasungidwe

Tizidutswa tokaona kaonongekedwe ka chiwalo tiikidwe m'botolo lakukamwa kwakukulu la formalin wa 10 peresenti. Mankhwalawo achuluke kakhumi kuposa nyama. Akachepa, m'kati mwa kachidutswa mumaola. Timeneti tisaundanitsidwe m'firiji.

Tizidutswa tokafufuza tizilombo tamoyo tisakhudzane ndi formalin, popeza amapha tizilomboto. Chiwalo chilichonse chikhale m'botolo lakelake, m'bokosi la ayezi, ndipo chikafike ku labotale tsiku lomwelo. Timagalasi tikulungidwe patokha, kutali ndi fungo la formalin ndi chinyezi.

Kalembera

Pabotolo palembedwe ndi pensulo dzina la famu, nambala ya ng'ombe, chiwalo ndi tsiku. Kalata yoperekeza ifotokoze msinkhu wa ng'ombe, zizindikiro, chiwerengero cha zodwala ndi zakufa, mankhwala omwe idalandira ndi tsiku limene idasamba komaliza kudibi. Zotsatira zikabwera, mlangizi akazifotokoze kwa mwini ng'ombe ndi alimi oyandikana naye, pakuti nkhupakupa sizidziwa malire a famu.