Phunziro: Nthenda ya Cithokomiro ndi Mtima Wolefuka

Ambiri a inu muli ndi ana ku Kanyama, ku Matero ndi ku Chawama. Mukamva kuti wina watupa pakhosi, mtima ukum'gunda, sagona tulo, kapena angokhala wolefuka masiku onse, musafulumire kunena kuti walodzedwa kapena kuti cikhulupiriro cace cazirala. Cithokomiro cikagwira nchito mopitirira kapena moperewera, cisautsa thupi ndi maganizo omwe. Apite ku cipatala akapimidwe mwazi, namwe mankhwala osadumpha tsiku, zingakhale zaka zambiri.

Werengani 1 Mafumu 19. Eliya atalefuka, Mulungu anayamba wam'patsa tulo ndi cakudya. Mau anadza pambuyo pace. Inunso m'tumizireni ufa, nyemba, ndi kalata yosadzudzula.