Phunziro la Sabata Ino: Thandizo Lobala Thandizo Lina

Mtsikana akasiya sukulu, anthu amafulumira kunena kuti makolo ake salabadira za maphunziro a mwana wamkazi. Mayi Ann Cotton a ku Britain atapita ku Zimbabwe mu 1991 anapeza zina. Makolo ankafunitsitsa kuphunzitsa ana awo onse, koma ndalama zinkaperewera. Zikangokwanira mwana mmodzi, ankasankha mnyamata poganiza kuti ndiye adzapeze ntchito msanga.

Mu 1993 mayiwa anayambitsa bungwe la CAMFED ndi atsikana 32. Bungweli linafalikira ku Zambia, Ghana, Tanzania ndi kuno ku Malawi, komwe linafika mu 2009. Limalipira fizi, limagula yunifolomu, makope ndi zodzisamalira pa nthawi ya kumwezi.

Koma satifiketi yokha siphika nsima. Mtsikana womaliza Folomu 4 wopanda mpamba akhoza kukwatiwa chifukwa cha njala basi. N'chifukwa chake mu 1998 atsikana oyamba kuthandizidwa anapanga gulu lawo la CAMA, momwe amaphunzitsana kasungidwe ka ndalama ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Ena amabwerera kusukulu za kwawo kukalangiza ana modzipereka, ndipo potero amapeza mwayi wa ngongole yopanda chiwongoladzanja. Nthawi imene apereka kwa anawo ndiyo imalowa m'malo mwa chiwongoladzanja. Geni ikayenda, ambiri amalipirira sukulu ana ena a m'mudzi. Mmodzi mwa atsikana oyamba aja, Angeline Murimirwa, anadzakhala mkulu wa bungwe lonse.

Mu 2021 bungwe lachifundo la Conrad N. Hilton Foundation la ku America, lomwe limathandizanso ntchito za masisitere, linapatsa CAMFED mphoto ya madola 2.5 miliyoni. Ndalama zotere zimapindula zikafika pamene anthu ayamba kale kudzithandiza, ndiponso zikasiya luso ndi mpamba m'manja mwa mayi mwini wake. Thandizo longodya lero limatha lero, koma akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Zokambirana mu mphakati:

1. Ndi atsikana angati m'dera lino asiya sukulu chaka chino chifukwa cha fizi?
2. Kodi banki m'khonde ya amayi ingapatule kangachepe kuti mmodzi mwa iwo abwerere m'kalasi?
3. Mayi akatenga ngongole ya geni, ndani pakhomo amalamula za ndalamazo?