Cifukwa Cace Anamwino Ayamba Abaya Cala

Mvula ikagwa, madambo a kwathu kuno adzala madzi, udzudzu uswana, ndipo malungo acuruka. Ambiri a ife tikamva mutu ndi kutentha thupi tithamangira ku cipatala titadziuza kale nthenda yathu ndi mankhwala ace. Koma anamwino sapereka LA msanga ai. Ayamba abaya cala. Ena abwerako akung'ung'udza kuti, "Andimana mankhwala." Anzanga, tiyeni tione kumene mwambo umenewu unacokera.

Makolo athu anali kumwa chloroquine. Mankhwalawa anathandiza zaka zambiri, koma pang'onopang'ono tizirombo ta malungo tinawazolowera. Madotolo sanatsate mphekesera. Anapatsa ana odwala mankhwalawo, nayezanso magazi ao patapita masiku, napeza kuti mwa ana ambiri tizirombo tinalimobe. Pamenepo boma linamvera umboniwo, ndipo m'caka ca 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine ndi kutenga Fansidar m'malo mwace. Fansidar nayenso atafooka, mu 2007 kunabwera LA. Mphamvu yace icokera ku artemisinin, amene anapezedwa m'citsamba cina ndi mai wa ku China, Tu Youyou, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2015.

Nanga za kubaya cala? Kale mwana ali yense wotentha thupi anali kuyesedwa wa malungo, pakuti makina oonera tizirombo sanali kupezeka m'zipatala zazing'ono zambiri. Koma ofufuza anaona kuti ambiri otentha thupi analibe malungo konse. Ena anali ndi cibayo, ena zilonda za pakhosi, ena nthenda ya m'khutu. Munthu wotere ukampatsa mankhwala a malungo waononga kawiri: nthenda yace yeniyeni ikulirakulira, ndipo mankhwala athera pacabe. Motero mu 2010 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti wodwala ayambe wayezedwa, ndipo mu 2011 tizipangizo toyezera msanga tinafalitsidwa m'zipatala za dziko lino. Dontho limodzi la magazi likwanira, ndipo yankho lioneka pakatha mphindi 15 kapena 20. Mizere iwiri ndiwo malungo. Mzere umodzi, anamwino afunefune nthenda ina. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kulemba lamulo ku likulu nkosabvuta. Cobvuta ndico kuti lamulolo lisanduke cizolowezi ca tsiku ndi tsiku ku Kabudula, ku Nsaru, ku Nambuma, ndi ku cipatala ca St Gabriel ca ku Namitete, cimene cinatsegulidwa mu 1959. Pafunika zinthu zinai.

Coyamba ndico kuphunzitsa. Anamwino amene agwira nchito zaka 20 akuzindikira malungo pogwira mphumi ya mwana, tsopano ayenera kukhulupirira kacipangizo koposa dzanja lao. Cimeneci cifuna kudzicepetsa, ndipo tiyenera kuwalemekeza nako.

Caciwiri ndico zipangizo. Lamulo silithandiza ngati galimoto yobweretsa mankhwala yatitimira m'matope.

Cacitatu ndico kulemba. Anamwino, ndiponso alangizi a zaumoyo amene aona ana m'midzi, alemba m'buku wodwala ali yense, yankho la magazi ace, ndi mankhwala amene walandira. Akulu a zaumoyo a m'boma awerenga mabukuwo kuti aone pamene pali pofooka.

Cacinai ndife eni ace odwala. Tikaumiriza anamwino, kapena tikakagula mankhwala pa msika titauzidwa kuti tiribe malungo, tigwetsa nchito yonse.

Taonaninso nzeru iyi: Fansidar sanatayidwe. Umboni unaonetsa kuti athandiza kuteteza amai apakati, ndiye cifukwa cace ku sikelo amai amwa mankhwalawa pamaso pa anamwino.

Tsono mbali yathu ife ana a sukulu ndi yotani? Thupi likatentha, tiuze aphunzitsi oyang'anira nyumba zogona tsiku lomwelo, tisadikire Loweruka. Magazi akaonetsa malungo, timwe LA monga atiuzira. Munthu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa amwa mibulu 4 nthawi imodzi, kasanu ndi kamodzi m'masiku 3, yonse 24, ndipo nkwabwino kumwera mkaka kapena phala la nsinjiro, pakuti mafuta athandiza mankhwalawa kulowa m'thupi. Tisasiyire panjira pamene mutu waleka, ndipo tisasungireko mnzathu m'bokosi. Magazi akapanda kuonetsa malungo koma thupi nkumatenthabe, tibwererenso ku cipatala.

Ena a ife tidzakhala anamwino ndi madotolo. Pamene tidzayamba nchito, kapena LA adzakhala atasinthidwanso. Tiphunziretu tsopano kufunsa kuti, "Umboni wace uli kuti?" ndipo tikauona, tisacite manyazi kusiya njira yakale.

Wophunzira wa Fomu 3