PHUNZIRO LA ZAUMOYO: ZIMENE MOWA UMACHITA KU MTIMA

Fodya akagulitsidwa ku Mzuzu ndalama zimalowa m'midzi ya ku Bolero, Mhuju ndi chigwa chonse cha Henga. Nthawi yomweyo kachasu ndi masese zimayenda malonda. Ife timadandaula za ndalama zotayika, koma mtima wa womwayo nawo umawonongeka mwakachetechete.

1. Mowa umakweza BP. Magazi akamathamanga kwambiri, mtima umagwira ntchito yolemetsa usana ndi usiku. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa.

2. Mowa umafooketsa minofu ya mtima. Munthu akamwa kwambiri kwa zaka zambiri, mtima umakula koma n'kutha mphamvu. Miyendo imatupa, mpweya umaperewera pokwera kachitunda, ndipo usiku amalephera kugona chagada.

3. Kumwa wambiri tsiku limodzi kumasokoneza kagundidwe ka mtima. Zikatero magazi amatha kuundana mu mtima, chibuluma chake n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo. Imeneyo ndiyo sitiroko: pakamwa kupindika, dzanja ndi mwendo kufa mbali imodzi.

Ena amati mowa pang'ono umalimbitsa mtima. Mu 2022 bungwe la World Heart Federation linakana zimenezi, n'kunena kuti palibe mlingo wa mowa wothandiza mtima. Boma lathu linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma kachasu timatcheza tokha m'midzi, ndipo ena otcheza ndi amayi anzathu ofuna sopo ndi fizi ya ana.

TICHITEPO CHIYANI?
Tilimbikitse abambo ndi anyamata kukayezetsa BP kuchipatala cha boma cha Rumphi, ku Bolero kapena ku David Gordon Memorial ku Livingstonia. Ikamafika 140/90 kapena kuposa, amvere malangizo a dokotala. Wosiya mowa BP yake imatsika, ndipo nthawi zina mtima umapezanso mphamvu. Koma amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka asasiye mwadzidzidzi popanda achipatala, chifukwa akhoza kunjenjemera ndi kukomoka. Tilankhule nawo asanamwe, mwaulemu, osati pagulu.

MAFUNSO OKAMBIRANA
1. Tingawathandize bwanji amayi otcheza kachasu kupeza bizinesi ina?
2. Ndani pakhomo panu amene sanayezetsepo BP?